Nthutumba m'makaroni

Chaka chimene amuna anga anasamukira kwa mkazi wina ku Khonjeni, mu 2003, ine ndinkathandiza khukhi kunyumba kwa manijala wa esiteti ya tiyi. Amuna angawo anali kapitawo wa othyola tiyi, ndipo nyumba imene tinkakhala kukompaundi inali ya ntchito yawoyo. Ukwati kutha, ine ndi ana tinali oti tituluke.

Munthu yekhayo amene amuna angawo ankamuopa anali amalume awo a ku Goliati, ankhoswe a ukwati wathu. Akanangoti bwerera kwa mkazi wako, akanabwerera tsiku lomwelo. Ndiye atatumiza mawu oti abwera Lamlungu kudzamva mbali yanga, ndinati mkulu ameneyu adzaone yekha mkazi amene mphwake akumutaya. Ndinasankha kuphika chakudya chimene a dona, akazi a manijala, ankaphikitsa kukabwera alendo olemekezeka, makaroni a nkhuku ndi mkaka. Nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi, amatero akuluakulu, koma ine sindinafunse aliyense.

Ndinapha thadzi langa lomwe linali litangoyamba kuikira. Ndinachotsa mafupa onse monga tinkachitira kwa manijala, mnofu ndinaudula tizidutswa, chiwindi ndi nthutumba chimodzimodzi. Ndinakazinga ndi anyezi ndi adyo pambaula, n'kuthira majarini, kafulawa ndi mkaka wa ufa wosungunula bwino, n'kumatakasa mpaka msuzi unalimba. Makaroni ndinaphika padera n'kusakaniza. Fungo lake linafika mpaka mzere wachitatu wa nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mtima wanga unakhala m'malo.

Amalume anafika masana, fumbi lili m'miyendo. Ndinawasambitsa m'manja nditagwada, n'kuvundukula mbale. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga sipuni n'kuyamba kutembenuza makaroni aja uku ndi uku, osalawa.

"Apongozi, iyi ndi nkhuku?"

"Eya, amalume, ndakupherani lero lomwe."

"Nanga nthutumba ili kuti?"

Ndi mwana uti wa ku Thyolo amene sadziwa kuti mlendo wolemekezeka amapatsidwa nkhuku yathunthu, ziwalo zonse zikuoneka, nthutumba ili pamwamba? Ndiyo imachitira umboni kuti nkhukuyo waphera iyeyo. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili wamng'ono, koma manja anga anali atazolowera khitchini ya eni ake.

"Ilimo, amalume. Ndaidula ting'onoting'ono."

Anaika sipuni pansi mwaulemu, n'kung'ung'udza kena kake m'Chilomwe. Ndiye anati, "Ine ndakalamba, mayi, koma sindinafike podya makombo a ku bangalo kwa manijala. Mukanangondiphikira nkhwani."

Ndinathamangira kuseri kukatenga nthenga ndi mutu wa thadzi lija kuti aone. Ndinabwera nazo m'manja, magazi asanaume, koma anali ataimirira kale, chipewa chili kumutu. Anati nkhani ya mphwawo aiona, ndipo anatsika ndi kanjira ka m'munda wa tiyi. Za mbali yanga imene anadzera sanafunse ngakhale liwu limodzi.

Mwezi usanathe, amuna anga anabwera ndi mkazi uja kudzalowa m'nyumba, ine ndi ana tinapita kwa amayi ku Nsabwe. Ntchito inathera pomwepo chifukwa cha kutalika. Anthu amandiuza kuti amalumewo anali atagamula kale asananyamuke ku Goliati, kuti nkhuku inali chonamizira chabe. Mwina n'zoona. Koma sizinditonthoza, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Tsiku lija amalume atapita, ndinakhala pakhonde ndi mbale ija n'kuyamba kusankhamo tizidutswa ta nthutumba, kamodzikamodzi, kuika pa sosala. Ana anali ataima pakhomo, akudikira kuti ndiwauze ngati angadye. Ndinatipeza tonse, n'kutiika pamodzi bwinobwino, koma panalibe woti ndimuonetse.