Danga la kumunda kwa abambo

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kukangana ndi mnzanga wa kuntchito chifukwa cha mzere umodzi wa pakompyuta. Umodzi basi, waufupi ngati moni wa munthu wokwiya.

Kwa amene mwangoyamba kumene kundiwerenga, ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta ku bungwe lina la alimi a mtedza kuno ku Namitete. Alimi athu ali ponseponse, ku Nsaru, ku Kabudula mpaka ku Nambuma. Mayina awo, midzi yawo ndi mbewu zimene alandira timazisunga mu detabesi. Dzinalo lisakuopseni. Ndi nkhokwe ya mukompyuta chabe: mlimi aliyense ali ndi mzere wake, ndipo mumzeremo muli madanga, la dzina, la mudzi, la foni, choncho choncho.

Mnzangayo ndi Yamikani, munthu wa zala zothamanga amene sadikira kuti tiyi azizire. Wakhala akumanganso pulogalamu yathu yakale, ndipo Lachisanu ndilo linali tsiku losamutsira zonse m'mamangidwe atsopano. Chinatsala ndi chakuti ine ndivomereze fayilo ya msamukowo.

"A Naphiri, ingodinani kuti mwavomera. Poyesa zonse zayenda bwino," anatero.

"Dikirani, ndiwerenge kaye."

"Muwerenga chiyani? Fayiloyo sindinalembe ine, yadzilemba yokha."

Eee! Atangotero ndinakoka mpando n'kukhala pansi.

Ndikufotokozereni pang'ono. Pali njira ziwiri zolankhulira ndi nkhokwe imeneyi. Yoyamba ndi kulankhula nayo pamaso, m'chinenero chake chotchedwa SQL: ndipatse alimi onse a ku Nsaru amene sanalandire mbewu. Mumalemba nokha, mukalakwitsa mwalakwitsa nokha. Yachiwiri ndi kutuma chida chotchedwa ORM. Inu mumauza chidacho zofuna zanu, icho n'kupita kukalankhula ndi nkhokwe m'malo mwanu. Ine ndimachitcha nkhoswe. Kodi alipo mwa inu amene anakatula yekha nkhani ya ukwati kuchikazi? Mumatuma amalume, amene amadziwa pogwada ndi poyambira.

Musandimve molakwa, nkhosweyi ndi yabwino. Imafulumira, siiwala ulemu, ndipo imakutchinjirizani kwa akathyali amene amalemba malamulo achinyengo m'danga la dzina kuti abe za m'nkhokwe. Ntchito za tsiku ndi tsiku inenso ndimatuma yomweyo. SQL ndimaigwira pamene funso lili lolemera, loti nkhoswe ikazungulira nalo mpaka kompyuta kutopa.

Nkhosweyi ili ndi m'bale wake. Mukafuna kusintha mamangidwe a nkhokwe zinthu zili momwemo, m'baleyu amayang'ana pulani yakale, amayang'ana yatsopano, n'kukulemberani fayilo ya msamuko, imene anzanga amati maigiresheni. Khalidwe lake loipa ndi limodzi. Chilichonse chimene simunachitchule mu pulani yatsopano, iye amati ndiye kuti simukuchifunanso.

Ndinawerenga fayiloyo. Pamwamba zinali bwino: onjezani madanga awiri a manambala a GPS, osonyeza pamene pali munda. Pansi pake mpamene panali mzere uja. Chotsani danga la "kumunda".

"Nanga ili mukulichotseranji?"

"Ndi zinyalala zimenezo, a Naphiri. Munaonamo? Wina akuti kuseri kwa manda, wina akuti pamene panagwera ngolo. Ogula mtedza akufuna akadina aone munda pamapu. Pamene panagwera ngolo mungapaike pamapu inu?"

Chimene chinandiwawa n'chakuti amanena zoona.

Danga limenelo ndinaliika ndine, bungwe likungoyamba, tisanakhale ndi mafoni otola manambala a malo. Ndinkayenda pa kabaza, laputopu kumsana, n'kumafunsa mlimi aliyense kuti munda wake uli pati, alangizi akabwera asasochere. Zimene wayankha ndinkalemba momwemo, osakonza, osakongoletsa.

Mmodzi wa alimiwo anali abambo anga, kwathu ku Kabudula. Anatisiya chaka chatha, mtedza uli pafupi kukumbidwa.

Ndinakokera laputopu pafupi. Ndinayesa kutuma nkhoswe kuti indibweretsere danga limenelo, koma inakana. Mu pulani yatsopano munalibe dzina lake, choncho kwa nkhoswe linali litafa kale. Ndinatsegula nkhokwe ndekha n'kulemba SQL ndi zala zanga: ndipatse za kumunda za mlimi uyu, abambo anga. Zinatuluka izi:

"Mukadutsa chulu cha kwa a Nankhoma musatsikire kudambo, mudzamira. Khoterani kumanja, pa mango wopsa ndi mphezi. Mukaona mbuzi zikudya mtedza ndiye kuti mwafika, ndi wanga umenewo. Thamangitsani kaye mbuzizo, moni pambuyo."

Abale inu! Ndinaseka, kusekako kusanathe misozi ili mbwe. Ndinawaona atakhala pa ngolo yathu yothyoka, chipewa pabondo, akundiseka kuti mwana uyu sukulu yamupengetsa, walemba ndi mbuzi zomwe.

Abambo sanali olemba makalata. Pafoni ankangoti "tili bwino, mayunitsi akutha," basi adula. Pa zithunzi zimene tili nazo anaima njo ngati akuimba nyimbo ya fuko. Kalankhulidwe kawo, kunyogodola kwawo kuja, malo amodzi okha amene kanatsala ndi danga limeneli. Ndimawasowa, ndinene mosabisa. Ndimawasowa kwambiri nyengo ino yokumba mtedza, ndikaona madoda a msinkhu wawo akupalasa njinga pamsewu wa Mchinji, matumba kumbuyo.

Akatswiri mudzati, nanga kope losungira kulibe? Lilipo. Koma makope athu amalembana pamwamba, pakapita miyezi lakale limachoka kuti lipereke malo kwa latsopano. Mvula ikanadzagwa, mawuwo akanakhala atapita mwakachetechete, popanda ngakhale wolira. Madzi akatayika sawoleka.

Ndipo ndisadzinamize. Kwa mlangizi wofuna munda lero, mawu a abambo alibenso ntchito. Mtengo wa mango uja anaudula, anaotchera njerwa. Chulu chinathera m'njerwa zomwezo. Mutatsatira malangizo awo mukhoza kukafika ku Kasiya muli kufunafuna. Manambala a Yamikani ndiwo amakufikitsani pamzere weniweni wa mtedza, ndipo sadulidwa ndi nkhwangwa.

Koma kodi chilichonse chimene sichilowa pamapu ndi chinyalala?

Masiku ano aliyense akusamuka. Masukulu, mipingo, makalabu a alimi, onse akuchoka mu pulogalamu yakale kulowa mu yatsopano, ndipo nzabwino. Koma posamuka nyumba timabwerera kukasuzumira kuseri kwa chitseko ndi pansi pa bedi. Posamutsa za mukompyuta ndani amasuzumira? Timati makina adzilembera okha, ndiye palibe cholakwika. Timadina "ndavomera" tikuyankha foni ndi dzanja linalo. Nthawi zambiri chimene chimatsala ndi danga lija la "zina ndi zina", limene mphunzitsi analembamo kuti mwana uyu samva bwino khutu lakumanzere, muzimukhazika kutsogolo. Silisanjika, siliwerengeka pa lipoti, ndiye limachoka.

Nkhoswe ilibe mlandu. Imanena zimene mwaituma, ndipo zimene simunatchule siingazilote. Mlandu ndi wathu, amene tafika posadziwanso kulankhula ndi nkhokwe zathu patokha. Kwa achinyamata amene mukuphunzira ntchito imeneyi, tumani nkhoswe, ndithu tumani, koma phunziraninso SQL kuti muzimva zimene akukunenerani. Fayilo ya msamuko muziiwerenga mzere ndi mzere, ngakhale itadzilemba yokha. Ndipo tsiku loonjezera danga lisakhale tsiku lochotsa lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinamutembenuzira laputopu Yamikani. Anawerenga mawu a abambo aja. Kenako anati, "Tafufuzani a ku Nambuma, dzina Esinati. Ndi azakhali anga."

Ndinafufuza. Panalembedwa kuti: "Funsani aliyense, amandidziwa. Akapanda kundidziwa si wa kuno."

"Ndi iwowo! Ndi iwowo ndendende!" Anaseka mpaka kutsokomola.

Fayiloyo tinailemba ndi manja. Madanga a GPS tinaonjezera, la kumunda tinalisiya, n'kuliikanso mu pulani kuti nkhoswe izilidziwa. Lachisanu tinasamuka bwinobwino.

Loweruka ndinakwera basi ya ku Kabudula. Amayi ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza. Titatha moni ndinatulutsa foni.

"Amayi, tamverani izi."

Ndinawerenga. Nditafika pa chulu manja awo anasiya kuswa. Nditafika pa mbuzi anagwira pakamwa.

"Wazitenga kuti zimenezi?"

"Kuntchito. Anandiuza okha, ine n'kulemba."

"Tawerenganso."

Ndinawerenganso.

"Ukufulumira iwe. Iwo pa 'mudzamira' paja ankakoka, ngati akukuona ukumira kale."

Ndinayesa kukoka.

"Ayi, si choncho." Anayesa okha, nawonso sizinatheke, tonse n'kuseka. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mawu ndi awo ndithu, mwana wanga. Koma liwu ndi lako."

Ine amene sabata yonse ndinkadzitama kuti ndimalankhula pamaso popanda wotuma, ndinangokhala pakhondepo ndili nkhoswe, kuwanyamulira amayi mawu a amuna awo, n'kumalephera ngakhale kuwakoka bwino. Kumene ali abambo palibe njira yolankhulira nawo pamaso.

"Ndisiye kaye, amayi?"

"Usiye chiyani? Werenga choncho, ndi liwu lakolo. Yambira pa chulu."

Ndinayambira pa chulu.

Nanga ku ofesi kwanu, Lachisanu likubwerali, mukufufuta mawu a bambo a ndani?