Kabokosi ka Eyakoni ndi Mzere wa Madzi

Pamakoma a nyumba ya makolo anga ku Bangula pali mzere wamatope umene laimu walephera kuufufuta. Ine umandifika pachibwano. Anausiya ndi madzi osefukira chaka chija tinakakhala kusukulu ngati othawa nkhondo, ndipo titabwerera bambo anakhazikitsa lamulo limodzi: chilichonse chokhala ndi nthambo ya magetsi chizikhala pamwamba pa mzerewo. Masoketi onse anakwezedwa. Wailesi inakwera pashelefu yoyandikana ndi siling'i. Kuti utchaje foni unkayenera kukwera pampando. Tinkawaseka bambowo, koma mwakachetechete, chifukwa mzere uja tonse tinkauona.

M'chipinda cha makolo munali eyakoni yakalekale. Bambo anaipeza popuma ntchito ku esiteti ya nzimbe, kumene ankayang'anira mapampu a madzi, pamene nyumba zakale za mabwana zinkaphwasulidwa. Chimakina chake chachikulu chinali panja, pazitsulo pafupi ndi denga, ndipo mbali yotulutsa mpweya wozizira inali m'chipinda pamwamba pa zenera. Zimenezi madzi sanazifike. Chinamira ndi kabokosi ka pakhoma, themositati, kamene kamamva kutentha kwa m'chipinda n'kumauza makinawo nthawi yoyaka ndi nthawi yopuma. Popanda kabokosiko eyakoni inangokhala, mavu n'kumangamo nyumba. Panalibe amene anadandaula. Kwathu kuno dzuwa tinabadwa nalo.

Kenako amayi anachita sitiroko. Anabwera kuchokera kuchipatala mu Okutobala, mbali ya kumanja itafooka, mawu akutuluka amodziamodzi. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti kutentha kukukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo sitiroko ikabweranso kachiwiri mwina sitiwaonanso. Amene sanakhaleko kuno mu Okutobala sangamvetse. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro nkhuku zimayenda zitayasamula, ndipo malata amalira okha.

Achimwene anga aakulu amakhala ku Blantyre, ndipo ndi munthu wosachedwa kugamula nkhani. Anatumiza kabokosi katsopano pa minibasi, n'kunena pafoni kuti ngati chipinda sichizizira pofika Loweruka abwera ndi galimoto kudzawatenga amayi, akakhale kumtunda kumene kuli mphepo. Sindinawaone ngati olakwa. Koma amayi anabadwira kwa Nyachikadza, ndipo kukwatiwa ku Bangula ankakutenga ngati ulendo wokwanira moyo wonse. Nditawafotokozera anandiyang'ana ndi diso lomwe linkatsegukabe bwino, n'kutulutsa liwu limodzi la Chisena lokanira: "Nkhabe." Bambo nawo sakanapita, chifukwa mbuzi ndi dimba zinalibe wozisiyira. Anthu awiriwa anali asanasiyanepo kuyambira tsiku la ukwati wawo, ndipo ine mtima unkandiwawa ndikaganiza kuti chowalekanitsa chikhala chitsulo.

Bambo anaika okha kabokosi katsopanoko. Manja awo amadziwa nthambo, ndipo analumikiza zonse mwaukhondo. Anakakhoma pakhoma loyang'anizana ndi zenera, pamwamba penipeni pafupi ndi siling'i, monga mwa lamulo la nyumba. Atayatsa, chimakina cha panja chinadzuka ndi mkokomo, mpweya wozizira unatuluka, ine n'kuomba m'manja. Ndisanamalize kuomba, chinazima. Tinadikira pang'ono, chinadzukanso. Ndinapita kukhitchini kukatunga madzi, pobwera ndinapeza chazima.

Zinakhala choncho masana onse ndi mawa lake lomwe. Kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima. Nthawi iliyonse chikadzuka babu ankaphethira ndipo amayi ankadzidzimuka. Pabedi pawo panali potentha monga kale, pilo atanyowa ndi thukuta. Bambo anachapa sefa ya eyakoniyo, anachotsa zisa za mavu, anamasula nthambo n'kuzilumikizanso. Anayamba kunena kuti magetsi a masiku ano ndi ofooka. Kenako ananena kuti kabokosiko ndi kabodza. Achimwene pafoni anati gasi wa mu eyakoni watha, ndipo anatero ndi mtima wonse ngati akumuona. Ine ndinatenga chikwama n'kuyamba kulongedza zitenje za amayi mobisa, misozi ili m'maso.

Lachisanu m'mawa ndinapita kumsika kukafuna mayi wina amene amakonza mafiriji a ogulitsa nsomba ndi a mabotolositolo. Ndi mayi wamkulu ndithu, wathupi, wosathamanga. Anabwera pa njinga yake, chikwama cha zida atamangirira kumbuyo, duku ali kumutu, ovolosi atavala mkati mwa chitenje. Atalowa m'chipinda makinawo sanawayang'ane n'komwe. Anagwada pambali pa bedi, n'kugwira dzanja lofooka la amayi ndi manja ake awiri, n'kuwalonjera m'Chisena mpaka nkhope yawo inamasuka. Kenako anakhala pansi, n'kutambalala, n'kunena kuti tiyatse.

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo pamenepo ndinatsala pang'ono kuphulika. Mawa lake linali Loweruka, munthu wangokhala ngati wabwera kudzaona odwala! Chikwama sanachitsegule. Makina anayaka, anazima, anayakanso, iye ali duu, khutu atapendeketsa. Nditayamba kumuuza za gasi anakweza dzanja pang'ono.

"Dikirani kaye, achemwali. Tiyeni tiimve ikulankhula yokha."

Atakhutira anatuluka panja, n'kukwera pa ndowa yovundikira, n'kugwira mapaipi a chimakinacho pamene chinkalira. Anandiitana kuti ndigwire paipi yaikulu. Inali yozizira, yonyowa ngati botolo lotuluka mufiriji. Anati gasi alimo, ndipo ndisalole aliyense kudzathiramo wina. Apa m'pamene anatsegula chikwama, n'kuyeza magetsi pasoketi ndi kamita kake, n'kunena kuti nawonso alibe mlandu. Anayang'ana mmene bambo analumikizira nthambo, n'kugwedeza mutu.

"Baba, ntchito iyi ndi yanu? Pyadidi, zili bwino. Palibe choti ndikhudzepo apa."

Bambo anali ataima pakhomo manja ali kumbuyo, atakonzeka kukangana ndi aliyense wonena kuti alakwitsa. Atamva zimenezo mapewa awo anatsika.

Mayi uja anandituma bango lalitali la kumpanda. Anasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chake, n'kuumangirira kunsonga kwa bangolo. Makina atadzuka anaimika bango kutsogolo kwa eyakoni, ulusi n'kuuluka. Anayenda nalo pang'onopang'ono kudutsa chipinda, nsonga ili m'mwamba, ulusi ukuulukabe, mpaka anafika pa kabokosi kaja. Pamenepo ulusi unkagunda kabokosiko. Anatsitsa bango kufika pamene panali mutu wa amayi, ulusi n'kugwa, kuli zii.

Ine ndinali nditaona kale, ndipo lilime linkandiyabwa. Iye sananene kanthu za kabokosi. Anakoka mpando, n'kuugwira mwamphamvu.

"Baba, miyendo yanga ndi yolemera. Takwerani inu, muike tsaya pafupi ndi kanthuko, mundiuze zimene mukumva."

Bambo anakwera. Mpweya unawaomba kumaso mpaka anatsinzina, makina n'kuzima. Anakhalabe pomwepo. Posakhalitsa ndinaona thukuta likutuluka pamphumi pawo, chifukwa pansi pa siling'i m'pamene kutentha kwa malata kumasonkhana, ndipo nthawi yomweyo makina anadzukanso. Anatsika osayang'ana munthu.

"Kakumva kuzizira kokha, n'kumaganiza kuti chipinda chonse chazizira," anatero. "Ku esiteti tinali ndi thanki ina yotere. Choyandama chozimitsa pampu anachiika pamene madzi amagwera, pampu n'kumangodzuka n'kugona mpaka inapsa."

"Ndi zomwezo, baba. Iyinso ikapitiriza chonchi, kompulesa, mtima wa chimakina chapanjacho, ipsa."

Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma ndinali nditaiwala bambo anga. Anati tikasunthire pakona, kutali ndi mphepo, koma pamwamba pomwepo. Mayi uja anayankha mofatsa kuti pakona ya pamwamba kazingomva moto wa malata, makina sazipuma, ndipo amayi azizidwa mpaka kudwala chifuwa. Kabokosi kayenera kumva zimene wodwala akumva. Analoza khoma la m'kati, pafupi ndi mutu wa bedi, pamene mphepo siifika mwachindunji. Malowo anali pansi pa mzere wa madzi.

Bambo anayang'ana mzere uja. Ndinkadziwa zimene zinkayenda m'mutu mwawo. Tsiku la madzi lija ndi iwo anabwerera m'nyumba madzi ali m'khosi kukazimitsa magetsi, ndipo anatuluka atanyamula amayi kumsana. Sanalankhulepo za tsikulo. Masoketi okwezedwa aja ndiwo anali kulankhula kwawo.

"Nanga madzi akabweranso?" anafunsa, mawu ali pansi.

Mayi uja sanaseke, ndipo sanawauze kuti madzi sabweranso, chifukwa kuno palibe amene anganene bodza limenelo. Anati naye shedi yake inapita yonse chaka chomwecho, mafiriji a anthu akuyandama ngati mabwato, ndipo mpaka lero mamita ake amawapachika kudenga.

"Koma kanthu aka, baba, kamagwira ndi masikuluwu awiri basi. Mtsinje ukayamba kudzaza mumamva, simuli alendo kuno. Ndikusiyirani nthambo yotalikirapo, mudzakamasule n'kukakoloweka pamsomali pamwamba. Madzi ndi a mwezi wa mvula. Dzuwa ndi la lero."

Anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama n'kuwapatsa bambo, chogwirira chili kutsogolo. Akanatha kuchita yekha mwachangu. Anakhalanso pansi n'kumacheza ndi amayi za nsomba za kudambo, pamene bambo ankatsitsa nthambo ndi kuboola khoma. Ndinawaona akumanga sikuluwu woyamba pansi pa mzere uja, osaima. Ndakhala ndikuona amisiri ambiri, ndipo ambiri amafuna uone kuti iwo ndi amene adziwa. Mayi ameneyu anachoka pakhomo pathu atasiya bambo ali ndi ulemu wawo wonse, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho kuposa pa ulusi uja.

Titayatsa, makina anadzuka n'kupitiriza. Ndinadikira kuti azime, osazima. Ndinapita kukaphika phala, kubwera akulirabe. Atazima, m'chipinda munali mutazizira mpaka pansi, ndipo anapuma nthawi yaitali asanadzukenso. Amayi anagona tulo tofa nato dzuwa lili pamutu, koyamba chibwerereni kuchipatala. Mayi uja anangodikira mpaka ataona makina apuma n'kudzukanso bwinobwino, kenako anamanga chikwama chake panjinga. Bambo anamuperekeza mpaka kumsewu, chinthu chimene sachitira aliyense.

Achimwene anafika Loweruka masana, atayala kale matiresi kumpando wakumbuyo kwa galimoto. Analowa m'chipinda atakonzeka kunena zambiri, koma anangoima. Anagwira pilo, anali wouma. Anakhala pampando n'kumamvetsera makina, akuyang'ana wotchi, akudikira kuti awagwire akuzima. Amayi anadzuka, n'kuwazindikira, n'kuyang'ana makiyi a galimoto amene anali m'manja mwawo. Ndinaona dzanja la amayi lamphamvu lija likufufuza pabedi mpaka linapeza malaya a bambo, amene anali atakhala m'mphepete mwa bedilo, n'kuwagwira zolimba.

Achimwene anaona zimenezo. Anaika makiyi m'thumba, n'kutuluka panja. Ndili pazenera ndinawaona akutsegula chitseko chakumbuyo, n'kukulunga matiresi aja. Ine ndinakatenga chikwama kumene ndinachibisa, n'kubwezera zitenje za amayi m'kabati, bambo asanadziwe kuti ndinali nditalongedza.