Tsiku Limene Tinabisa Lute Kudimba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene dzina la mudzi wathu linatchulidwa koyamba pa wailesi. Munali m'zaka za m'ma 1990, chilala chitangotisiya ndi nkhokwe zopanda kanthu. Tinkakhala panjira ya ku Shikabeta, kutali ndi msewu wa tala, kumene galimoto ikadutsa tinkaikamba sabata yonse. Atate, amene anachoka ku Katete ali mnyamata, anali apampando a komiti ya sukulu, ndipo m'mudzimo ndi iwo okha anali ndi wailesi. Mabatire ankawayanika padzuwa m'mawa kuti masana amvere nkhani za m'Chinyanja.

Tsiku lina woulutsa nkhani anafotokoza zimene phungu wa dera lathu anakamba mu Nyumba ya Malamulo. Phunguyo anati ana a kwathu amaphunzira atakhala pamiyala, mphunzitsi mmodzi akuthamanga pakati pa makalasi atatu. Anati odwala amanyamulidwa pamachira kupita ku chipatala cha mishoni, ulendo wogona panjira, ndipo amayi ena amaberekera m'tchire. Anatinso thandizo lochokera ku maiko akunja limathera pamene tala wathera, choncho eni thandizolo atengedwe akafike kwathu kufumbi, akadzionere okha. Zonsezo zinali zoona. Mwala wanga ine unali wachitatu kuchokera pakhomo la kalasi, ndipo woukhalira aliyense ankaona mbama.

Atate anatseka wailesi nkhani zisanathe.

"Watichititsa manyazi uyu munthu," anatero. "Manje Zambia yonse yadziwa kuti tikhala pamiyala monga anyani."

Kunyumba kwathu kunali manyazi ena oposa amenewo. Mng'ono wanga Lute, wa zaka zinayi, anali atatupa miyendo ndi masaya, tsitsi litafiira, ndipo ukamudina paphazi chala chinkasiya kadzenje. Lero ndikudziwa kuti inali njala yosakanikirana ndi malungo. Nthawi imeneyo anthu ankanong'onezana kuti ndi tsempho, matenda amene amati amagwira mwana kholo likayenda njira zosayenera. Mwana wotupa ankalozetsa bambo wake chala. Atate anali munthu wa tchalitchi, ndipo manong'onong'o amenewo ankawadya kuposa njala. Lute ankamukonda, musaganize zina. Ndi iwo ankamugoneka pachifuwa akakana phala. Koma pagulu sankafuna kuti aoneke.

M'nyengo yotentha, mvula isanayambe, kunabwera kalata kusukulu. Mawu a phungu aja anali atamveka. Alendo ochokera kunja anafuna kumanga kiliniki imodzi m'dera lathu, ndipo anati ayendera malo angapo kuti asankhe pamene pali vuto lalikulu. Kwathu kunali pa mndandandawo, ndipo phungu mwiniyo ndiye adzawabweretsa.

Pamsonkhano wa makolo atate anaimirira nati, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma chimene aona akachikamba kwawo mpaka kufa. Tisawaonetse zonyansa."

Palibe anatsutsa, ndipo sindingawasenzetse atate okha mlanduwu. Umu ndi mmene tonse tinaleredwera. Mlendo akafika umamuphera nkhuku yotsala yokhayo, n'kumuuza kuti eni nyumba mwadya kale.

Tinagwira ntchito sabata ziwiri ngati tikukonzekera ukwati. Miyala yathu ya m'kalasi tinaitulutsa, n'kuipaka dothi loyera, n'kuindanda m'mbali mwa njira kuti ikongoletse. M'malo mwake tinasenza mabenchi a tchalitchi. Amayi a m'mudzi anazira pansi m'kalasi, abambo anafoleranso denga. Wazaumoyo wa m'mudzi anali ndi kabokosi ka mankhwala kamene kanali kopanda kanthu kuyambira nthawi yokolola, ndiye tinayenda nyumba ndi nyumba kutolera mabotolo akale kuti kaoneke kodzaza. Mbuzi ziwiri zinaperekedwa ndi anthu amene ana awo ankagona ndi mango aawisi m'mimba. Ana opanda yunifolomu, ana a zipere ndi ana owonda kwambiri anauzidwa kuti tsikulo kwa iwo ndi holide. Ine ndinabwerekedwa diresi la mwana wa aphunzitsi, chifukwa ndinasankhidwa kukapereka maluwa.

M'mawa wa tsikulo atate anandiitana.

"Esinati, papa mng'ono wako, umupereke kudimba pamodzi ndi amako. Akhale mumsasa mpaka alendo apite."

Amayi anayang'ana pansi. Anangofunsa kuti, "Nanga ngati abwera na mankhwala?"

"Abwera kuona malo, osati kulasa odwala nyeleti," atate anayankha. "Ufuna mzungu akajambule mwana wanga so, anthu akambe chani?"

Ndinamubereka Lute kutsika naye kumtsinje. Anali wolemera modabwitsa, chonsecho manja ake anali ngati timitengo ta chinangwa. Ankanunkha utsi ndi mankhwala a mizu amene ankamupaka. Panjira anandifunsa kumene tikupita, ndipo ndinamunamiza kuti tikukaona mbalame.

"Ine nifuna kuona motoka," anatero.

Ndinamulonjeza kuti ndidzamufotokozera mmene inalili. Ndinamusiya mumsasa ndi amayi, n'kuthamanga kukavala diresi la eni.

Galimoto ziwiri zoyera zinafika dzuwa lili pamutu. Munatuluka phungu, mayi wachizungu wonyamula kabuku, ndi namwino wa ku Lusaka amene ankamasulira. Tinaimba, tinavina, mafuta akunyezimira m'masaya. Ndinaona phungu akulowa m'kalasi n'kuima pakhomo, akuyang'ana mabenchi aja nthawi yaitali. Mayi wachizungu anatsegula kabokosi ka mankhwala, anaona mabotolo, analemba. Anayang'ana ana onenepa amene tinasankha, analembanso.

Nditamupatsa maluwa anagwada kuti tilingane, nandifunsa kanthu. Namwino uja anamasulira mofatsa.

"Akuti, mwana wanga, kunyumba kwanu kuli wodwala?"

Kumsana kwanga kunali kukadali konyowa ndi thukuta la Lute. Ndinakweza maso, ndinaona atate ataima kumbuyo kwa alendo, atavala jekete lawo la pa Sabata. Sanandiopseze, sanaphethire n'komwe. Anangondiyang'ana.

"Kulibe," ndinatero. "Tonse tili bwino."

Mayiyo anamwetulira, nandisisita tsaya, nalemba.

Nthawi ya chakudya anandituma kukatunga madzi osamba m'manja, ndipo kuseri kwa kalasi ndinapeza phungu ndi atate. Phunguyo sankakuwa, ankalankhula motsitsa mawu.

"Ba Cheyamani, ana aja ninaona pamiyala ali kuti? Aja otupa ali kuti?"

"Bwana, alendo aulemu sitingawaonetse zotere."

"Ine naimirira mu Palamenti kukamba kuti anthu anga avutika. Anzanga ananiseka, ati nikonda kulira. Navutika kubweretsa aba anthu kuno, manje lelo mwanipanga wabodza."

Atate anatembenuka n'kubwerera kwa alendo. Madzulo alendo atapita, anthu anawayamikira atate kuti mwambo wayenda bwino, mudzi sunachite manyazi. Mabenchi anabwerera kutchalitchi. Ife tinakatola miyala yathu m'mbali mwa njira, yoyera mbuu, ndipo inatidetsa madiresi mwezi wathunthu.

Yankho tinalimva pa wailesi yomweyo. Kiliniki inapita kwina, kumene alendo anapeza vuto lalikulu. Woulutsa nkhani anati phungu wathu anaimiriranso mu Nyumba ya Malamulo kupempha kuti kwathu kuonedwenso, koma nkhaniyo inathera pomwepo. Sindikuwadandaula anthu a kumene inapitako. Iwo anaonetsa zilonda zawo.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho, mitsinje inadzaza, njira inaduka. Mu Januwale Lute analeka kudya, khungu la m'miyendo linayamba kusenda. Atate anaiwala za tsempho, anaiwala za anthu. Anamubereka okha kumsana, mwamuna wamkulu ndi chitenje, amayi ndi ine tikutsatira ndi kapoto ndi ufa. Tinagona pa mudzi wina panjira. M'mawa mwake tinaoloka mtsinje madzi akufika m'chiuno, ndipo titakwera kutsidya amayi anayang'ana kumsana kwa atate n'kukhala pansi m'matope. Atate anayendabe mtunda ndithu asanavomere kuima. Tinabwerera naye kumudzi njira yomweyo.

Pamaliro atate sanalire pagulu. Wailesi ija anaiika pamwamba pa khoma ndipo sindinawaonenso akuyanika mabatire. Pa komiti anatula pansi udindo. Phungu atabweranso chaka chotsatira, atate anamugwira dzanja n'kupita naye kumanda, namuonetsa kamtumbira ka Lute.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndinachimva nditakula, ndili ndi ana anga. Amayi anandiuza tikusenda nyemba kuti tsiku la alendo lija galimoto zinadutsa pafupi ndi dimba pobwerera, n'kuima pamtsinje kuti oyendetsa aone pooloka. Amayiwo anaimirira ndi Lute m'manja, anaona namwino atatsitsa galasi, anaona mipando yopanda anthu kumbuyo. Lute analoza, akuti motoka, motoka. Amayi anayenda mapazi angapo, kenaka anakumbukira mawu a atate ndi pakamwa pa anthu. Anabwerera mumsasa, namutseka mwana pakamwa kuti asamveke.

Sindinganene kuti kiliniki ikanamangidwa msanga moti n'kumupulumutsa. Koma galimoto ija inali ndi malo, ndipo inkadutsa pa chipatala cha mishoni tsiku lomwelo.

Kwa zaka zambiri ndinkamuda phungu uja monga atate anamudera poyamba, chifukwa cha kutivula pamaso pa dziko. Tsopano ndikumvetsa kuti pa tonsefe ndi iye yekha amene anachita zimene akulu amanena, zoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye anatsekula, ife eni matenda tinakankha chitsekocho n'kukhalira kumbuyo kwake titadzola mafuta. Ulemu wolandira nawo alendo sindinautaye, nkhuku ndimaphabe. Koma ana anga ndinawaphunzitsa kuti wina akafunsa za matenda, ayankhe zimene zilipo, ngakhale ine nditaima pomwepo ndikuwayang'ana. Ine anandifunsa kamodzi kokha, m'chinenero changa, ndi mawu ofatsa, mng'ono wanga ali pamtunda woti ukaitana amva. Ndinayankha kuti kulibe, ndipo pofika Febuluwale kunalibedi.