Nsengwa Yomwe Ndinakaniza

Ndinawanamizira amuna anga, eni ake ali ku Chinsapo osadziwa kanthu. Ndili kuchidikiro, amayi ena ochita kafukufuku anandipempha kuti ndikachira adzatengeko kachidutswa ka nsengwa. Ine maganizo anathamangira zomwe timauzana pamjigo, zoti nsengwa anthu amakhwimira.

"Abambo akunyumba anakaniza," ndinatero, ngati kuti alipo anawafunsa.

"Palibe vuto, amayi. Koma taonani chomwe timafunamo."

Anandionetsa chithunzi cha nsengwa chokulitsidwa, chokhala ndi timizere tofiirira ngati maluwa a chitenje. Anati amathirapo ma antibodi, tizinthu tomwe timamatira puloteni imodzi yokha kuti ioneke. Puloteniyo imauza asilikali a m'thupi kuti asamukhudze mlendo ali m'mimbayo. Khansa nayo imabisalira puloteni yomweyo, n'chifukwa chake amaifufuza.

Ndinaika dzanja pamimba. Miyezi yonseyi china chake chinkamupepesera mwana wanga kwa thupi langa lomwe, ine ndikungodandaula kutupa kwa miyendo!

Ndinafuna kuvomera, koma manyazi anandigwira pakamwa. Mwana wanga Tadala atabadwa, nsengwa yomwe inamulankhulira inakatayidwa kudzenje, ine osaiyang'ana n'komwe.