Lendi ya pa Pepala la Bambo Anga

Nthawi ya korona, magalimoto ankadutsa mu Bur Dubai muno akupopera mankhwala mumsewu, ndipo fungo lake linkakwera mpaka m'fulati yathu, momwe timapanikizana anthu khumi ndi mmodzi, chotilekanitsa chili pulayiwudi basi. Fungo limenelo ine ndimalidziwa. Ndi la mankhwala akuda aja ankatsukira zimbudzi kuseri kwa ofesi ina ya boma ku Blantyre, kumene tinakhala dzinja lina ndili ndi zaka khumi. Tsono tsiku lina Mabvuto, mnzanga wa ku Chipata amene amagona bedi ya pamwamba panga, anandiyika foni pamphuno. Akuti boma la kuno limalemba lendi yoyenera dera ndi dera, Al Quoz yake, Bur Dubai yake, ndipo yathu yatsika, khalas, basi zatha, tapulumuka. Ndinaseka mpaka mwenye wa kuseri kwa pulayiwudi anagogoda. Ine sukulu ndinalekera sitandade thuu, koma pepala lotero ndinalidziwa Mabvutoyo asanabadwe.

Bambo anga anali mesenjala wa boma. Kabudula wa khaki wosita mpaka kuthwa, lamba wachikopa, masokosi ofika m'mawondo, njinga yakuda ya ofesi. Atawasamutsa kuchoka ku Machinga kupita ku Blantyre, kalaliki wina wa manja ofewa anawapatsa pepala. Mbali iyi mayina a maboma onse kuyambira kumpoto mpaka kummwera, mbali inayo mtengo wa nyumba ya zipinda ziwiri m'boma lililonse. Ndalama ya nyumba imene ankawawonjezera pa malipiro inkachokera pamenepo. Kumunsi kwake kunali chidindo cha inki yofiirira. Bambo kuwerenga kunkawavuta ngati ine ndemwe, koma chidindo ankachidziwa, ndipo pogwira pepalalo ankayamba apukuta manja.

Podikira nyumba, mlonda wa pa ofesi anatitsegulira kashedi ka njinga, koyandikana ndi zimbudzi zija. Denga linali la malata obooka, mbali imodzi kopanda khoma. Mayi anatchingako ndi masaka ndi chitenje chawo chopitira ku ukwati. Mvula ikawomba, madzi ankayenda pansi pa mphasa, ndipo zovala zathu zonse zinkanunkha nkhungu. Mlongo wanga Asiyatu, amene anali wakhanda, anayamba chifuwa chouma chomveka ngati kagalu kakuwuwa. Bwana wa ofesi anatumiza mawu oti pofika kumapeto kwa mwezi asadzaonenso matewera pa waya wa boma.

Loweruka ndi Lamulungu lililonse ndinkayenda ndi bambo kusaka nyumba, pepala lili pamimba panga m'kati mwa malaya kuti lisanyowe. Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, konseko tinapondako. Matope ofiira ankamata mapazi mpaka kulemera, utsi wa makala onyowa uli tolo m'tinjira, madzi a sopo akuyenda pakati pa nyumba. Bambo sankafunsa mtengo ayi. Ankalowa, kuyeza chipinda ndi mapazi, kugogoda khoma, kenako kutambasula dzanja kuti ndiwapatse pepala. Chala chinkafika pa mzere wa Blantyre, pamene kalaliki anawayikira kamtanda.

"Boma lanena. Mtengo ndi uwu," ankatero.

Ena ankaseka, ena ankangotseka chitseko. Mayi Nachisale a ku Ndirande, mzimayi wa thupi lake ndi pakamwa pake, mwini mdadada wa zipinda za mabachela a ku mafakitale, anatiuza kuti tikafolere pepalalo tizigonamo. Bilidala wina wachikulire ku Bangwe yekha ndi amene analiwerenga bwinobwino.

"Achimwene, nyumba ya mtengo uwu ilipodi m'boma la Blantyre," anatero. "Pitani ku Lirangwe uko, kumudzi kwenikweni, akakupatsani ndi mbuzi yomwe. Koma ku ntchito muzifika Lachitatu."

Ndi zimenezotu. Munthu wakhala pa mpando, tayi pakhosi, watenga nyumba za m'tauni ndi za kumudzi n'kuzisakaniza, n'kutulutsa mtengo umene nyumba yake kulibe. Iye mwini akugona m'nyumba ya boma ya mpopi m'kati! Amenewo ndiye ophunzirawo. Koma bambo sanamve. Mayi anga atawapempha kuti awonjezereko pang'ono kuchokera pa ndalama ya ndiwo, anakalipa mpaka Asiyatu anadzidzimuka. Iwo ovala yunifolomu ya boma aphwanye mtengo wa boma? Ngakhale tambala imodzi, ayi.

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, mayi anati tikayesenso kwa Nachisale, poti anakumana nawo ku msika ndipo ankaoneka kuti mtima watsika. Tinapita. Mzimayi uja sanayang'ane pepala, sanayang'anenso bambo. Anangotulutsa kiyi pa ngonya ya chitenje n'kunena kuti, "Lowani, abwana a boma." Zipinda ziwiri, pansi pa simenti, denga losadontha. Bambo anayenda pabwalo paja chifuwa chili patsogolo. Nkhaniyo anaifotokoza ku mzikiti, ku ofesi, kwa ometa tsitsi, kuti mzimayi wamwano wa ku Ndirande anamuphunzitsa lamulo. Ine ndinkaifotokozanso kwa anzanga, mokweza kuposa iwo.

Kuyambira sabata imeneyo, njinga ya bambo ikangokhota pa ngodya m'mawa, mayi ankabereka Asiyatu n'kulowera kuseri kwa Nachisale. Ankatulukako ndi mtolo pamutu: maovolosi a mabachela aja, olimba ndi girisi, mabulangete, masokosi onunkha. Ankatsikira nawo ku mtsinje wa Nasolo, umene dzinja limenelo unali wodzaza ndi wozizira. Ankamenya maovolosi pa mwala mpaka dzuwa kufika pamutu, masana n'kusita ndi simbi ya makala, ndipo bambo pobwera ankapeza zonse zatha, madzi osamba ali pamoto. Soda wochapira anawang'amba zala, m'ming'alumo mukutuluka magazi, iwo n'kumapakamo mafuta ophikira. Anandiuza kamodzi kokha kuti bambo akadzafunsa ndidzati amathandiza mnzawo. Bambo sanafunse.

Ine zinkandinyansa. Tsiku lina ku mtsinje ndinawauza ndithu, ndi kamwa langa lomweli: "Amayi, mukutichititsa manyazi. Munthu woti bambo anamugonjetsa, inu n'kumamuchapira?" Anandiyang'ana pang'ono, kenako anandipatsa nsonga ina ya bulangete kuti tifinye. Tinafinya. Mvula isanathe chifuwa cha Asiyatu chinaleka, ndipo anayamba kukwawa pa simenti paja.

Choonadi ndinachimva patapita zaka zambiri, pa maliro a bambo, ndili kale dalaivala wa ndevu zanga. Nachisale, atakalamba koma pakamwa pali pomwepo, anandikokera pambali. "Bambo ako anali munthu wabwino," anatero, "koma lendi yawo inkathera pa chipinda chimodzi. Chinacho ankalipira amako ku Nasolo."

Ndili mwana ndinkadziwa kuti nyumba ija anatipezera ndi bambo, ndipo mayi anali munthu wofooka wosadziwa ulemu wake. Lero ndine nkhalamba yoyendetsa galimoto ya eni ake m'dziko la eni ake, ndipo ndikudziwa amene anapita yekha kukagwada kwa Nachisale mwezi usanathe. Mayi anamwalira osanenapo kanthu. Asiyatu ali ku Mangochi ndi zidzukulu zake, ndipo akandiimbira foni amakondabe kunena za bambo athu, mwamuna amene sanagonjere eni nyumba a ku Blantyre. Ine, amene fulati yonse imandidandaula phokoso, ndimangoti eya.