Mnzanga Tinamuika M'manda koma Kuntchito Sanajombe

Ndisanayambe ndikuuzeniretu mboni zanga, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupinda milomo poona kuti wolemba ndi ine. Oyamba ndi mayi aja ogulitsa zitumbuwa pa siteji ya Mtakataka, amene anandiona ndikufika pamenepo ndi nsapato imodzi. Achiwiri ndi akatekisiti a kwathu, amene anandiwaza madzi odalitsa kawiri chifukwa oyambawo anauma asanafike pakhungu. Wachitatu ndi mkazi wanga, ndipo ameneyu mumukhulupirire, pakuti chikwatiranireni sanavomerepo chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga, koma pa nkhani iyi yokha amagwedeza mutu. Mayina sinditchula, enawa ndi anthu a mapemphero. Zimene ndikuuzenizi zinandichitikiradi, ndipo sindinathirepo ngakhale kamchere.

Zaka zingapo zapitazo ndinalembedwa ntchito ndi kampani ina ya zamakonozi, yolemba alimi a mpunga pa foni kuti azilandira mauthenga a zanyengo ndi mitengo ya pamsika. Ofesi inali ku Lilongwe, eni ake anali kunja, ndipo kuno kumunsi tinalipo ochepa oyenda m'midzi ya ku Bwanje, Golomoti mpaka ku Mua. Tsiku loyamba anatiuza kuti pakampani pano palibe bwana, tonse ndife banja limodzi, tiziitanana mayina. Wotiyang'anira anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wa mlongo wanga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ali ndi miyendo, chifukwa ndinkangomuona pa foni kuyambira m'mapewa kupita m'mwamba. Ndikati madamu ankaseka, amvekere mukundikalambitsa. Dzina lake lilime langa linkakana, ndiye tinagwirizana pa achemwali.

M'mawa uliwonse kunali msonkhano wa pa foni, wochita choimirira, ati nzeru zimabwera bwino munthu akaima, ndipo ine ndinkaimadi pakhonde ngati ndikuimba nyimbo ya fuko, nkhuku zikundiyang'ana. Aliyense ankayenera kutumiza kachithunzi ka chala chachikulu kusonyeza kuti wadzuka wosangalala, ndipo nkhani zogwetsa ulesi zinali zoletsedwa. Koma chimene chinkatisowetsa mtendere chinali kadontho. Foni ya aliyense inkaoneka pa mapu ngati kadontho kobiriwira, tonse tinkaonana. Kakamayenda ndiye kuti ukugwira ntchito, kakaima nthawi kankafiira, ndipo makina ankawerenga mtunda umene wayenda, osati anthu amene wacheza nawo. Wokhalitsa kumunsi kwa anzake pa mndandanda wa mitunda ankauzidwa kuti banja likumumasula akakule kwina. Kumeneko kunalibe kuchotsedwa ntchito ayi, anthu ankangomasulidwa.

Tsono ine ndinkayenda pa njinga yopalasa, ndipo alimi a mu sikimu yothirira mpunga mukuwadziwa, kodi ungamulembe munthu usanamve kaye za madzi a mu ngalande ndi za ng'ombe za mnzake zimene zinalowa m'munda? Kadontho kanga kankangokhala psuu. Chakudya ndinkadya ndikuyenda, moni ndinkapereka osatsika njinga, ngakhale kuchimbudzi ndinkalowa ndikugwedeza foni m'mwamba kuti ku Lilongwe asaone ngati ndakhala pansi.

Pagulu lathu panali mnzanga wina wa ku Golomoti, munthu wonenepa, wokonda tulo ta masana pansi pa bwemba, koma mwezi ndi mwezi anali pamwamba pa tonse. Ndikamufunsa chinsinsi ankangoseka, amvekere amwene, mumapalasa kwambiri inu, mudzatisiya mudakali mnyamata. Wotisiya n'kukhala iyeyo. Anadwala masiku ochepa, kuchipatala anayesetsa, zinakanika. Kumaliro ndinapita, nkhope ndinaona, bokosi ndinanyamula nawo ndipo phewa langa likukumbukirabe kulemera kwake. Dothi ndinathira ndi dzanja lomwe ndikulembera lino.

Kutacha, ndili chiimire pakhonde kudikira msonkhano, chala chachikulu cha malemu chinatulukira pa foni, choyamba pa tonse. Ndinapukuta foni ndi malaya, ndinapukutanso maso, chala chili pompo. Ndisanameze malovu, kadontho kake kanadzuka pa Golomoti, kanalowa mumsewu wa tala, n'kuyamba kuthamanga liwiro limene miyendo ya malemuyo sinalionetsepo ali moyo.

Ndinawadula mawu achemwali aja n'kuwauza kuti mnzathu tinamuika dzulo. Anati pepani kwambiri, komabe msonkhano uno ndi wolimbikitsana, nkhani zotero tizikambira pambali. Kenaka anayang'ana pa makina awo n'kuseka, amvekere mwina mwasokoneza ndi munthu wina, mnzanuyu wafika kale pa Mtakataka, ndipo pakampani pano timayendera zimene makina akuonetsa, osati zongomva. Ndinati achemwali, bokosi ndinanyamula ndekha. Anati zonyamula bokosizo pa mapu sizikuoneka, chimene chikuoneka n'choti dzulo kadontho kanu kanaima tsiku lonse pamalo amodzi. Anzanga ena aja, amene tinadyera limodzi nyemba pamaliro pomwepo, sanandichitire umboni, aliyense akuopa kufiira. Ndinafufuza mu foni pamene tinkanenera mavuto, ndinapeza podwala, patchuthi ndi pobedwa foni, koma pomwalira panalibe. Zikuoneka kuti amene anapanga zimenezo sankayembekezera kuti wina pabanjapo adzafa.

Kuchokera pamenepo sindinakhalenso pansi. Maso ankangokhala pa kadontho ka malemu, kakupita ku Mua, kakubwerera, kakulowa mu sikimu, kakudutsa pamsewu wa kuseri kwa nyumba yanga, ine n'kuthamangira panja osaona kanthu koma fumbi. Choopsa kwambiri n'choti dzuwa likafika pamutu, kankakhota n'kukaima pamanda pomwe tinamuika paja, kenaka n'kunyamukanso. Kodi inu mukanati chiyani? Ine ndinati munthuyu amapita kwawo kukadya nkhomaliro. Mkazi wanga anati foniyo ndikaiponye m'chimbudzi, kenaka atayang'ana thumba la ufa anati ndiyambe ndadikira. Pakutha pa mwezi malemu anasankhidwa kukhala wantchito wabwino koposa, tinauzidwa kuti timuombere m'manja pa foni, ndipo ndisakunamizeni, ndinaomba.

Ine ndinali kumunsi kwenikweni, kuposedwa ndi munthu wakufa. Achemwali anandiimbira pandekha, mawu ofewa ngati a namwino, amvekere banja limakukondani, n'chifukwa chake tikukupatsani mwayi womaliza. Mawa mukamupeze mnzanu uja, muyende naye muphunzire mmene amagwirira ntchito, ndipo dzuwa lisanalowe mutumize chithunzi muli awiri, apo ayi tikumasulani mukakule kwina. Ndinafunsa ngati chithunzicho chingajambulidwe kumene akukhala pano. Anati paliponse, bola nonse mukhale mukumwetulira.

Ana anali pasukulu, munda wanga wa mpunga unali utakokoloka chaka chimenecho, ndiye ndikanatani? M'mawa ndinadzera kwa akatekisiti, anandiwaza madzi aja, n'kundiuza kuti ndikakumana naye ndisamuyankhe akandiitana dzina. Ndinati vuto ndi lomwelo, pakampani pathu timaitanana mayina. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa, lija limapsereza chimanga chili m'thumba. Ndinapalasa kulowera ku Mtakataka, kufika kuja kadontho kali ku Mua. Ndinakhotera ku Mua, iko kabwerera ku Bwanje. Malaya ananyowa n'kuuma, n'kunyowanso, mpaka anayamba kuima okha ndi mchere. Kenaka ndinaona kuti kuthamangitsa mzimu pa njinga yopalasa n'kutaya nthawi, kuli bwino ndikamudikire pakhomo pake.

Manda a ku Golomotiko ndi nkhalango yowirira, ndipo munthu sulowamo popanda adzukulu, choncho ndinaima m'mphepete, pafupi ndi chulu chachikulu chomera zitsamba. Kunali zii, kupatula nyenje zimene zinkalira ngati zalipidwa. Ndinayang'ana pa foni ndipo kadontho ka malemu kanali kafika kale, kali pamwamba penipeni pa kanga, awiri tasanduka kamodzi. Kutsogolo kulibe munthu, kumbuyo kulibe munthu. Ndinapereka moni mwaulemu, ndinati achimwene, ndine, ndangobwera za chithunzi basi. Sindidziwa chimene chinandilowa, koma ndinaimba nambala yake, ndipo kanyimbo ka kampani kaja, kamene tonse tinakakamizidwa kuika m'mafoni, kanayamba kulira chapafupi pomwepo, mawu ake otsamwa ngati akuchokera pansi pa nthaka. Kenaka zitsamba za pachulu zinagwedezeka, wina n'kutsokomola.

Abale, njinga ndinaisiya pomwepo, ndinaona kuti indichedwetsa. Ndinadumpha ngalande ziwiri nthawi imodzi, ndinadutsa ng'ombe zikuthawa, nsapato imodzi inavuka ndipo sindinaitsanzike. Nditafika pa tala ndinasuzumira pa foni, kadontho kali pambuyo panga. Ndikawonjezera liwiro iko kawonjezera, ndikafooka iko kafooka, osandipitirira, osanditaya. Kutembenuka sindinayerekeze, m'makutu munkangolira mtima. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, atatha ndinabwereka a Asilamu a kunyanja. Amene amadziwa mtunda wa pakati pa Golomoti ndi Mtakataka amatsutsa kuti munthu wa msinkhu wanga angauthamange, koma makina a kampani analemba, ndipo tsiku limenelo lokha ndinakhala wachiwiri.

Pa siteji ndinakagwera kuseri kwa beseni la mayi a zitumbuwa aja, ndikuwapempha kuti andifunditse chitenje. Dzanja linandigwira paphewa. Ndinatsegula diso limodzi n'kuona munthu wovala chipewa cha njinga yamoto, atanyamula nsapato yanga. Anakweza galasi la chipewacho, amvekere madala, mwataya nsapato, komanso njinga yanu mwaisiya pachulu. Anali bambo wina wa kabaza wa ku Golomoti, wodziwika ndithu. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandipezere msanga pomwe anali pa njinga yamoto. Anati mafuta ndi odula, komanso chibadwire sanaonepo mdala akuthamanga choncho, ndiye amafuna aone pothera pake.

Ndiye anatsegula mpando wa njinga yake n'kundionetsa foni ya malemu, yomangidwa ndi malegeni, nthambo yake yolumikizidwa ku batire. Anati malemu anaimangirira pamenepo kalekale ndipo anamuphunzitsa zinthu ziwiri: m'mawa kudina chala, masana kukaima pachulu cha kumanda chifukwa ndi pamene netiweki imagwira bwino kuti mitunda ipite ku Lilongwe. Podikira ankagonako pang'ono pamthunzi kuseri kwa chulucho. Ndinati nanga munthu atamwalira bwanji osasiya? Anati pangano anapangana ndi malemu, ndipo malemuwo sanabwere kudzalithetsa. Anawonjezera kuti alamu, akazi a malemu, anamuuza kuti banja limodzi lija silinatumize ngakhale pepani, choncho foniyo iziyendabe mpaka eni ake adzabwere okha kudzaitenga, aone ndi mtumbira womwe.

Dzuwa linali litapendeka. Ndinamuyang'ana mkuluyo, ndinayang'ana chipewa chake, n'kumupempha kuti atsitse galasi. Anandikoleka dzanja m'khosi, mayi a zitumbuwa anatijambula, ine ndikumwetulira ndi mano onse, iye akuti nayenso akumwetulira m'katimo. Yankho silinachedwe. Achemwali anati chithunzi chokongola kwambiri, izi ndiye timati banja, ndipo mnzanuyo akuoneka kuti watsika thupi, ntchito yoyendayenda ikumuyanja. Ndinati inde achemwali, watsikadi kwambiri. Ntchito yanga inapulumuka.

Patangopita nthawi pang'ono malemu anakwezedwa kukhala mtsogoleri wa gulu lonse la kuno kunyanja, ife tonse pansi pake. Ndagwirapo ntchito kwa anthu ambiri koma bwana wabwino ngati ameneyu sindinamuonepo. Sanandikalipirepo, sanandiimbirepo Lamulungu, ndipo chilichonse chimene ndinkapempha yankho linali chala chachikulu. Tinagwira naye bwino lomwe mpaka kampaniyo inatimasula tonse tsiku limodzi kuti tikakule kwina, ndipo uthenga wotsanzika unamutchula iye ngati chitsanzo.

Mwina mukuti nkhani yathera pa malegeni. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lina tikumwa thobwa wakabaza uja anandiuza kuti nthawi ina anagonekedwa kuchipatala, njinga ili kwa makaniko, batire atachotsa, ndipo ankadandaula kuti bwana wathu afiira. Ndinamuuza kuti masiku amenewo chala chinkabwera m'mawa uliwonse, choyamba pa tonse, monga mwa nthawi zonse. Anaika chikho pansi, amvekere madala, ndimayesa munkadina ndinu. Tinayang'anana, ndipo palibe anamaliza thobwa lake.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'choti m'makampani amenewa munthu safa ndi matenda ayi, amafa foni ikazima, ndipo ikapanda kuzima palibe adzakuuze kuti weruka. Choncho inu amene mwalembedwa kumene, mukauzidwa kuti ndinu banja limodzi, vomerani, ntchito ndi yosowa, koma muuziretu akunyumba kumene mumasunga foni ya kuntchito. Ine ndinawauza kale a kwathu kuti tsiku langa likadzafika, asanaitane adzukulu, asanayambe n'kulira komwe, ayambe azimitsa foni, achotse kakhadi n'kukatafunitsa mbuzi. Ndapalasa mokwanira ndili moyo, sindikufuna kukadzukanso m'mawa kuti ndiuze anthu a ku Lilongwe kuti ndadzuka wosangalala.