Zitini Zisanu za kwa Mayi Hruska

Orval Tiedemann anali wokumba zitsime kwathu kuno kumadzulo kwa Nebraska. Ntchitoyo inkamufikitsa pafamu iliyonse, ndipo madzi akangotuluka, ankapempha eni ake kuti asuzumireko mosungira katundu wakale. Ankafuna mafilimu a abusa a ng'ombe okwera akavalo, aja opanda mawu. Ambiri anapsa kalekale, ena anawasungunula pofuna siliva, moti otsala ndi owerengeka.

Mkazi wake, Verna, anakana kuti azilowa nawo m'nyumba chifukwa sachedwa kugwira moto. Orval anawamangira kanyumba kuseri kwa khola.

Mu 1974, mayi wina wamasiye, Mayi Hruska, anamupatsa zitini zisanu za filimu zimene malemu amuna awo ankazungulira nazo m'matauni kuonetsa anthu. Mu zitatu anapeza filimu itamatana, ikununkha, pena itasanduka fumbi lofiirira. Anazikwirira kumunda. Ziwirizo zinali bwino, koma filimuyo inalibe chiyambi, mapeto, ngakhale dzina. Munali mkazi wina akuwolotsa ng'ombe pamtsinje wosefukira.

Delbert Kruse, dokotala wa mano wa ku Kansas amenenso ankatolera mafilimu otere, anayenda tsiku lathunthu kudzaiona. Analembera anzake mpaka ku California, koma palibe anaidziwa. Kenako anauza Orval kuti asinthane filimuyo ndi galimoto yake.

"Iwe wa zitsime, uchita nayo chiyani? Ikuwolera pompano," anatero Delbert.

"Kazuleni anthu mano, achimwene," Orval anayankha. "Galimoto ndili nayo, ngakhale imalira mochita kukankha."

Lamlungu lina masana anaionetsa muholo ya sukulu, mawindo atatchinga ndi mabulangete, Verna akuimba piyano. Kunabwera anthu khumi ndi anayi. Filimu itathera pakati pa mtsinje, mkulu wina anafunsa ngati ng'ombezo zinawoloka. Orval anati sakudziwa, n'kuyatsa magetsi.

Chaka chotsatira filimuyo inayamba kuchita chikasu m'mphepete. Orval anazengereza miyezi iwiri, kenako anaitumiza kunyumba yosungira zinthu zakale kumzinda, komwe anaikopera pafilimu yatsopano. Anamulembera kuti nawonso dzina lake sanalipeze. Kalatayo anaiwerenga ali chiimire, n'kupita kukathira mafuta makina ake okumbira zitsime.

Anakumbabe zitsime mpaka mawondo atakana, ndipo anamwalira mu 1988. Pamaliro ake, Delbert anali mmodzi mwa onyamula bokosi.